Ankolo, ndikakwera ndekha ku Chagwa mtima wanga ukakhala pansi?

Uthenga uwu wachokera kwa mnyamata wa zaka 29, dzina sinditchula. Ndaudula pang'ono koma mawu ndi ake:

"Ankolo, ine ndinabadwira konkuno ku Zomba koma mayi ananditenga ndili ndi zaka 6 kupita ku Joni, ndakulira ku Johannesburg. Chaka chatha mayi anamwalira, tinabwera ndi thupi kudzaika kumudzi kwawo chakuSongani, ine sindinabwererenso. Pano ndikuchita lendi ku Chinamwali, ndimakonza mafoni. Vuto ndi loti ku Joni ankanditi mkwerekwere, kuno akunditi mtchona, Chichewa changa amachiseka, kumudzi ndikapita amandilandira bwino koma ngati mlendo, kundiyalira mphasa kenako kundifunsa kuti mubwerera liti. Tulo sindikugona bwino. Mayi ankakonda kunena za kanyanja kena ka pamwamba pa phiri kotchedwa Chagwa, komwe ankafika ali mtsikana akamakatola nkhuni. Ndikufuna ndikwere ndekha ndikagone komweko usiku umodzi kapena uwiri, mwina ndikamva kuti nane ndili ndi kwathu. Njira yake ndi iti, ndipo ndi zotheka?"

Achimwene, choyamba pepani ndi imfa ya mayi. Chaka chimodzi n'chochepa kwambiri, ndiye musadzione ngati mutu wasokonekera chifukwa choti mtima ukukukokerani kuphiri. Ine ndakhala ndikuperekeza anthu m'phiri la Zombali kuyambira ndili mnyamata mpaka pano imvi zayamba, ndipo ndikuuzeni kuti si onse amakwera kuti akajambule zithunzi zoika pa Facebook. Ena amakwera banja litatha, ena ntchito itatha, ena ngati inuyo atabwerako kunja n'kupeza kuti kwawo kuja sikukuwadziwa. Anthu oterewa amayenda kumbuyo kwanga osalankhula ulendo wonse ndipo ine ndimangowasiya. Nde funso lanu silachilendo. Ku Chagwa pitani, ndi zotheka ndithu, koma ulendo woyamba musapite nokha ndipo musakagoneko. Zifukwa zina ndi za phirilo, zina ndi za mtima wanuwo.

Tiyambe ndi Chagwa yemweyo kuti musakakhumudwe mukafika. Si nyanja ngati Chilwa kapena ya ku Mangochi ija ayi, ndi kadamu kakang'ono kochita kumangidwa ndi anthu, kali pakati pa mapaini, mutha kukazungulira osatopa n'komwe. Ubwino wake ndi bata. Galimoto sizifikako kawirikawiri, ogulitsa zinthu kulibe, mumangomva mphepo m'mitengo, achule ndi mbalame basi. Koma nkhalango yomwe mayi ankaidziwa ali mtsikana si yomwe mukaipeze inu. Paini ndi mtengo wodzala kuti udzachekedwe, ndiye mbali zina anadula, mbali zina moto unadutsa n'kusiya zitsa zakuda, kwina anadzalanso koma timitengo tikadali tofika m'chiuno. Zimandipweteka kunena koma malo ena omwe kale tinkayenda mumthunzi wokhawokha pano mumayenda dzuwa likukuswani pamutu. Ocheka matabwa ndi otentha makala atsegulanso tinjira tambirimbiri, takale tina tinatsekeka ndi tchire, n'chifukwa chake sindingakupatseni njira ya "mukafika pamtengo wakuti mukhotere kumanzere", mtengowo mwina anaudula mwezi watha. Google Maps pamwamba paja musaidalire, netiweki imabwera n'kuthawa ndipo tinjira ta miyendo sitionekamo bwino.

Njira yomwe ambiri timadzera kuchokera m'tauni ndi Potato Path, yachidule ija yomwe alimi ankatsitsira mbatatesi kupita nayo kumsika. Ndi chitunda chenicheni, munthu wosazolowera amatha maola 2 kapena kuposerapo kuti atulukire cha pa hotela ya Ku Chawe pamwamba pa phiri, ndipo amafika mawondo akunjenjemera ulendo weniweni usanayambe. Kumbukirani kuti tauni ili pa mamita pafupifupi 950 pomwe nsonga ya Malumbe, yomwe ndi yayitali kuposa zonse, ili pa mamita 2,087, ndiye si kaphiri kosewera nako. Ngati simunakwerepo, kwerani kabaza wa njinga yamoto kapena takisi mpaka pa Ku Chawe, mphamvu musungire pamwamba. Kuchoka apo mudutsa damu lalikulu la Mulunguzi, lomwe madzi ake ndi omwe timamwa m'mipopi ya m'tauni, kenako pamalo otchedwa Trout Farm, n'kutsata mtsinje wa Mulunguzi chokwera mpaka pa mathithi a Williams. Ambiri amathera pomwepa, kusamba, kujambula, n'kubwerera. Mukapitirira apo anthu amayamba kuchepa mpaka mumatsala inu ndi wokuperekezani, ndipo ndi momwemo mufike pa Chagwa.

Pobwerera musadzere momwe munadzera, zungulirani cham'mphepete mwa phiri mudzere pa Emperor's View, pomwe anaima mfumu ya ku Ethiopia Haile Selassie mu 1965 (ma Rasta mpaka lero amapalemekeza kwambiri), ndi pa Queen's View pomwe anafika mayi ake a Mfumukazi Elizabeth mu 1957. Kukakhala kopanda nkhungu muona tauni yonse, nyanja ya Chilwa ndi chilumba cha Chisi, Mulanje uko patali. Muuzenso gaidi akudutsitseni pamalo oonera mbali ya Songani, muone midzi ya kwa amayi anu ili pansi pa mapazi anu, ndipo mumvetsa mtunda womwe atsikana aja ankakwera n'kutsika ndi mtolo pamutu. Kuzungulira konseku kuchokera pa Ku Chawe werengerani maola 5 kapena 6 mukuyenda mosathamanga. Dzenje la Chingwe lili mbali ina ya phiri, musaliphatikize, ndi la tsiku lake.

Nyengo yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, kunja kouma, njira zosaterera. Koma Juni ndi Julayi ndi miyezi ya chiperoni, m'tauni mutha kunyamuka kuli dzuwa koma pamwamba nkhungu imagwa mwadzidzidzi moti mnzanu ali patsogolo pang'ono simumuona, kamvula kowaza kosalekeza, zovala zonse chonyowa. Mukakwera mamita 1,000 kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6, muonjezerepo mphepo ndi kunyowako, munthu amayamba kunjenjemera, kenako kuganiza mosokonekera, kufuna kungokhala pansi n'kugona, ndipo kuzizira kotereku kumapha ngakhale kuno kwathu. Seputembala mpaka Novembala vuto ndi moto wolusa, udzu wouma, masingano a paini ouma, moto ukayamba umathamanga kukwera chitunda kuposa munthu. Nthawi ya mvula, Disembala mpaka Malichi, kumakongola kwambiri koma dothi limaterera, mitsinje imadzadza mwachangu, ziphaliwali pamalo oonekera, ndipo titaona zomwe namondwe Freddy anachita m'mapiri a chigawo chakumwera mu Malichi 2023, ine mvula ikagwa masiku angapo osalekeza sindikwera ndi munthu aliyense.

Nyamukani 6 koloko m'mawa kuti pofika 3 koloko masana mukhale mukutsika, chifukwa miyezi yozizira cha m'ma 5 koloko dzuwa limakhala likulowa ndipo m'nkhalango mdima umafulumira. Nsapato zikhale zomwe munazivalapo kale, zogwira pansi, osati zatsopano kapena masilipasi. Tengani jekete, chovala chamvula kapena pepala lalikulu la pulasitiki, madzi malita 2, chakudya chokhalitsa m'mimba monga mbatata yophika, mtedza, nthochi, mazira, tochi yeniyeni osati ya pafoni, ndipo foniyo ikhale yodzadza, inu wokonza mafoni pawabanki simungaisowe. Kandalama pang'ono ka masitiroberi ndi mabulosi omwe anyamata amagulitsa m'mbali mwa msewu, basi. Laputopu, mawotchi odula, zisiyeni kunyumba.

Za kugona ndakana chifukwa ichi. Pa Chagwa palibe mlonda, palibe nyumba, ndipo nkhalangoyi ndi yotetezedwa, ili m'manja mwa a Forestry, simungangofika n'kukoleza moto paliponse. Nyama sizikundidetsa nkhawa kwenikweni, anyani amangofuna chakudya chanu, musawapatse ndipo musawathamangitse, mphiri imakonda kugona panjira ndiye muziyang'ana popondapo, linthumbu ndi chitedze zimangovutitsa. Chomwe ndimaopa ndi anthu. Ambiri omwe mukumane nawo ndi amayi a nkhuni ndi anyamata onyamula matabwa, anthu abwinobwino okupatsani moni, koma zinachitikapo kuti oyenda okha alandidwa mafoni ndi ndalama m'tinjira tobisika, ndipo usiku muli anthu odula mitengo mozemba omwe safuna kuonedwa ndi tochi ya munthu wosamudziwa. China, mukabinya bondo muli nokha kopanda netiweki, adzakupezani ndani? Kuyenda awiri si mantha, akuluakulu ananena kale. Ndipo m'madzimo musalowe. Madzi a damu la m'phiri ndi ozizira kuposa momwe amaonekera, pansi pali matope ndi zitsa, minofu imakokana mwadzidzidzi ngakhale kwa wodziwa kusambira. Ngati mukufunadi kugona pamwamba, alipo malo ololedwa omanga tenti ndi nyumba zochitira lendi cha kufupi ndi Ku Chawe, mugone kumeneko m'mawa mulawirire ku Chagwa.

Magaidi amapezeka cha pa Ku Chawe pomwepo. Gwirizanani mtengo musananyamuke ndipo muuzeni chilungamo, kuti achimwene ine sindinabwere kudzamva mbiri, ndikafika pamadzi paja mundisiye ndekha kwa ola limodzi. Gaidi wabwino amamva, akakhala poteropo pomwe akukuonani koma osakusokonezani. Mukafuna kulira lirani, mukafuna kulankhula ndi mayi anu lankhulani, palibe chachilendo.

Tsopano nkhani yaikulu ija. Phiri lili ndi chomwe limachita, sindingakane. Thupi likatopa maganizo amasiya kuzungulira pamodzimodzi, kulibe wokusekani Chichewa, kulibe wokufunsani kuti mubwerera liti, ndipo kuponda pomwe mayi anapondapo kumapangitsa nkhani zomwe munkazimva ku Johannesburg kukhala zenizeni. Ambiri amatsika atapepukidwa, usiku umenewo amagona tulo tabwino. Koma ndaonanso kuti pakatha masabata awiri kusungulumwa kuja kumabwerera momwe kunalili, chifukwa damu silikudziwani dzina, silidzabwera kudzakuzondani mukadwala. Chomwe mukusowa inu ndi anthu oti azikuwerengerani, oti mukapanda kuoneka afunse kuti kodi uja ali kuti. Zimenezo zili pansi, kumidzi yomwe muione muli pamwamba ija.

Ndikuuzeni momwe ndikuonera za mphasa ija. Kwathu kuno mwana ndi wa kwa mayi ake. Mayi anu anabadwira pamudzi umenewo, agona m'manda a pamenepo, ndiye inu ndinu wa mbumba imeneyo kaya mukulankhula Chizulu kaya Chingerezi, palibe angakuchotseni. Nanga bwanji akukutengani ngati mlendo? Mbali ina ndi ulemu chabe, sakudziwani, sakudziwa chomwe mumadya, akuopa kukutumani ntchito mungaone ngati akukuzunzani. Mbali ina, tinene mosabisa, ndi mantha a munda. Munthu akabwera kuchokera kunja mwini wake atamwalira, achibale amayamba kudzifunsa kuti kodi wabwerera malo a mayi ake? Malo ndi ochepa mbali imeneyo, ndipo mwachikhalidwe chathu munda umayenda mwa akazi, mwamuna amakalima kuchikamwini. Funso la "mubwerera liti" nthawi zina tanthauzo lake ndi loti tiuzeni cholinga chanu. Ndipo mbali yachitatu ndi yowawa pang'ono: omwe anatsala ndi omwe anadwazika agogo, anakumba manda onse, anavutika ndi njala zaka zoipa, pomwe a ku Joni ankaoneka ngati akudya bwino, ngakhale inu mukudziwa momwe moyo wa kumeneko unalili, makamaka zipolowe zothamangitsa obwera za 2008 ndi 2015. Sakukudani, koma mumtima muli kakuti nanga inu munali kuti.

Zonsezi sizitha ndi kudandaula, zimatha ndi kuoneka pafupipafupi. Pitani kwa amalume anu, mwinimbumba, mukhale nawo pansi awiri, muwauze kuti ine ndabwera kudzakhala, ku Joni sindibwerera, ndipo za munda munene maganizo anu poyera kuti asamangoganizira. Apempheni akutengereni kwa amfumu akakudziwitseni mwamwambo kuti uyu ndi mwana wa uje. Mukafuna kuona manda a mayi musalowe nokha, pemphani kudzera kwa amfumu, ndipo ngati chiliza sichinamangidwe imeneyo ndi ntchito yabwino yoti muchitire limodzi ndi abale, osati inu kungotumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba. Ndalama zimakusungani pampando wa mlendo wolemera. Kukagwa maliro pamudzipo, ngakhale a munthu yemwe simunamuonepo, tsekani kabenchi kanu ka mafoni mupite, mukagone pasiwa ndi amuna anzanu pamoto, m'mawa mugwire nawo khasu kapena nkhwangwa, chipepeso chanu chilembedwe. Nthawi yofolera nyumba mvula isanagwe, nthawi yopalira, yokolola, muzipezeka. Akakuyalirani mphasa khalanipo pang'ono mwaulemu kenako dzukani mufunse kuti nkhuni zowaza zili kuti. Tsiku lomwe azakhali anu adzakukalipirani chifukwa mwachedwa, kapena kukutumani kuchigayo osapepesa, mudzadziwe kuti zayamba kuyenda. Zimatenga nthawi, mwina zaka ziwiri zaulimi, musafulumire kugwa ulesi.

Ndipo pa ulendo wa Chagwa womwewu, bwanji osafunsa kumudziko kuti ndani ankapita ndi mayi kunkhuni? Alipo ndithu, mwina mayi aang'ono, mwina mnzawo wa paubwana. Ngati miyendo ikuwalola atengeni, ngati ayi akupatseni mwana wawo, msuweni wanu, mupite naye limodzi ndi gaidi. Mudzamva nkhani za mayi anu zomwe iwo sanakuuzeni, ndipo kumudzi kudzamveka kuti mwana wa uje anakwera phiri kukaona komwe amake ankatola nkhuni. Nkhani imeneyo idzakutsegulirani makomo kuposa shuga ndi sopo yemwe mumanyamula.

Za Chichewa chanu, asiyeni aseke, inu lankhulanibe, musathawire ku Chingerezi, ndipo ngati kumudziko amalankhula Chiyao phunzirani ngakhale moni wokha, agogo amasangalala nazo kwambiri. Musadzionenso ngati ndinu woyamba. Zomba anali likulu la dziko mpaka 1975 ndipo mpaka lero ndi tauni ya obwera, ophunzira a ku Chanco, asilikali a ku Cobbe Barracks, apolisi, aphunzitsi, aliyense ali ndi kwawo kwina. Alomwe ambiri a m'boma lino makolo awo anachokera ku Mozambique. Azigogo athu anapita ku Wenela ndi ku Salisbury, ndipo boma litaimitsa za Wenela mu 1974 ndege itagwa ku Francistown, amuna ambirimbiri anabwerera kumudzi ndi Fanakalo, chilankhulo cha kumigodi, m'kamwa, ana awo osawazindikira, ena mwa iwo ndi madala omwe lero akuweruza milandu pabwalo. M'tauni namo pezani pomwe mungamaoneke sabata iliyonse tsiku lomwelo, kaya ndi kutchalitchi, kumzikiti, timu ya mpira ya m'dera, banki m'khonde, pabawo. Nyengo ya mvula pamakhala magulu odzala mitengo m'phirimu, chilimwe olambula njira zotchinga moto, manja amasowa nthawi zonse ndipo safunsa kuti munakulira kuti.

Chomaliza, ndipo apa mundimvetsere bwino achimwene. Mwanena kuti tulo simukugona, ndipo munthu wolira maliro, wosagona, wofuna kukakhala yekha usiku pafupi ndi madzi kutali ndi anthu, ine sindingangomupatsa njira osamufunsa. Mwina mukungofuna bata, ndipo ngati ndi choncho palibe vuto. Koma ngati papita masabata awiri kapena kuposerapo mukusowa tulo, chakudya sichikulowa, ntchito yomwe munkaikonda simukuifunanso, mowa kapena chamba zawonjezeka, kapena maganizo akumabwera oti bola kungotsatira mayi, ulendo wa phiri uyambe wadikira. Uzani munthu mmodzi lero lomwe, kaya ndi amalume, abusa, shehe kapena mnzanu wapamtima, ndipo mupite kuchipatala. Mutha kuyambira pa Matawale kapena ku Zomba Central Hospital n'kunena momwe mwandilembera inemu, iwo adziwa kokutumizani. Zomba Mental Hospital ili m'tauni momwemuno ndipo si ya okhawo omwe anthu amawatcha amisala, amathandizanso anthu ovutika maganizo omwe amangocheza ndi dokotala n'kubwerera kunyumba. Matenda amenewa amachizika, ndipo mwamuna kupita kukapempha thandizo si kufooka. Ngati maganizo odzipweteka afika pokonza njira yake, musadikire kuche, musakhale nokha m'nyumba, gogodani kwa aneba akuperekezeni kuchipatala usiku womwewo.

Ndilembereninso mundiuze zoona za tulo ndi maganizo amenewa, komanso ngati mwapeza wa kumudzi woti mupite naye. Zikakhala bwino tipangane Loweruka lina kunja kukayera, tikumane pa Ku Chawe 7 koloko m'mawa.